Anti Atagwadira Mwini Nyumba

Ndivomere poyamba pomwe kuti tisataye nthawi: za anti ndi chidole zija ndinachita ndine. Kwathu ku Handsworth aliyense akudziwa. Ngakhale manesi a ku Erdington, omwe tsiku limenelo anali pa shifiti, amafotokoza ngati analipo. Chimene safotokoza n'chakuti tinali awiri, ndipo winayo mpaka lero ana amamupatsa moni atagwira chigongono.

Ndinabwera kuno ku dziko la azungu ndili ndi zaka khumi ndi chimodzi kutsatira amayi, omwe ndi nesi. Pano ndili ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Anzanga ambiri ukawalankhula Chichewa amayankha Chingerezi, koma ine changa sindinataye, chifukwa bodza la m'Chingerezi silikoma. Mbiri yanga si yabwino, ndipo sindibisa. Ndine ndinasoka matumba a jekete la abusa ali pa guwa. Ndine ndinabisa usipa kuseri kwa hita ya m'kalasi, aphunzitsi n'kutha sabata yonse akufunafuna khoswe wakufa.

Koma pali chinthu chimodzi chimene sindichita nacho masewera, ndicho kuimba. Chaka chatha kwaya ya kutchalitchi kwathu inaitanidwa kukaimba za Khirisimasi ku nyumba ina yakalekale kunja kwa tauni, mwa nyumba zija azungu amazikongoletsa mu Disembala, anthu n'kumalipira kuti angoyendayenda m'zipinda. Nyimbo yathu yomaliza ndi ya Chichewa, ndipo imayamba ndi munthu m'modzi, yekhayekha, ena onse ali chete. Zaka zonse ankaiyamba ndi mayi wina wa mawu onjenjemera. Ulendo uwu anasankha ine. Miyezi itatu ndinaiyeserera m'bafa, mpaka neba wathu wa ku Jamaika anailoweza osadziwa tanthauzo lake.

Amayi ndiwo apampando a kwayayo. Tsiku limene ndinasankhidwa anandiitanira kukhitchini.

"Tamvera iwe. Kuyambira lero mpaka tikaimbe, ndikangomva chimodzi, chimodzi chokha, nyimbo ija ayamba wina. Wamva?"

"Ndamva, amayi."

"Usandiyankhe ngati mngelo. Ndinakubereka ndine."

Ndinapirira milungu isanu ndi iwiri yathunthu. Manja ankayabwa koma ndinapirira. Amene anandigwetsa ndi malume.

Malume ndi mlongo wa amayi wamng'ono. Anaphunzira yunivesite konkuno, amagwira ntchito ya makompyuta, ndipo amakhala okha ku Smethwick. Kutchalitchi amafika pokhapokha kukakhala chakudya. Za usipa zija nzeru inali yawo. Ankanditcha "shasha", ine ndinkawatcha "aphunzitsi". Kwathu amati mwana ndi wa malume ake, ndipo ine ndinkakhulupirira kuti zinthu zikathina, munthu woyamba kuima patsogolo panga ndi iwowo.

Loweruka lina ndinali kwawo tikudya tchipisi za ku Cape Hill, ndipo ndinawasimbira za anti atsopano. Anali nesi wochokera ku Zomba, atangotha milungu itatu kuno, ndipo anali atalowa kale kwaya. Ulemu wawo unali wa mtundu wina. Potsika basi ankathokoza dalaivala ataomba m'manja. Polowa m'shopu ya Mmwenye ankati "Odi". Ndinawasimbiranso za nyumba yakale ija, poti ndinapitako kale ndi sukulu. M'chipinda china chamdima, pafupi ndi moto wabodza wamagetsi, muli chidole chachikulu ngati munthu, nkhalamba ya wigi yoyera, itakhala pampando ndi bulangete m'miyendo. Kutsogolo kwake anamangako chingwe chofiira kuti anthu asafikepo.

Malume anasiya kutafuna.

"Shasha, munthu wa ulemu chotero angalowe m'nyumba ya eni osapereka moni kwa mwini wake?"

Ndinaseka mpaka tchipisi inanditsamwa. Kenako ndinakumbukira.

"Ayi, aphunzitsi. Amayi anena kale. Nyimbo yanga."

"Nyimbo yako palibe angaikhudze. Zikavuta ndidzaimirira ine, ndidzati achemwali, mwanayu ndamutuma ndine. Angandichite chiyani? Andichotsa m'kwaya?"

"Lumbirani."

Ananyambita chala, nachidutsitsa pakhosi, naloza kumwamba.

Mawa lake titaweruka kutchalitchi ndinawakokera anti pambali. Ndinawauza kuti nyumba ija mwini wake alipo, ndi wokalamba kwambiri, samva bwino ndipo salankhulalankhula. Mwambo wake ndi woti gulu likafika, amene wabwera kumene m'dzikoli ndiye amakapereka moni m'malo mwa onse. Ndinati akuluakulu amachita manyazi kuwauza, n'chifukwa chake atuma ine.

Anti sanali opusa ayi. Anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Iwe si uja anandichenjeza amayi ako?"

"Ndine ndithu, anti. Ngati simukundikhulupirira, ndiimbire ku ofesi ya nyumbayo mumve nokha."

Ndinaimbira malume. Munthu ameneyu ali ndi luso lotengera mawu a azungu okalamba, aja olankhula ngati ali ndi mbatata yotentha m'kamwa. Ndinamva anti akuti "yesi sa, yesi sa", akupinda bondo pang'ono ngakhale anali pa foni. Atandibwezera foni nkhope yawo inali itasintha.

"Akuti kamphatso kakang'ono n'kokwanira. Ndili ndi mtedza umene anandipatsa amayi pobwera. Ukuganiza kuti ali ndi mano?"

"Akasinja, anti."

Tsiku la ulendo tinakumana pa siteji ya basi m'tauni cha m'ma leveni, anthu oposa makumi awiri, titavala zitenje zofanana pansi pa majekete. Kunkagwa kamvula kaja kosanyowetsa koma kolowa m'mafupa. Malume anafika mochedwa, atanyamula kamera yobwereka. Anandinong'oneza kuti, "Ali kuti agogo athu a ulemu?" Ndinawalozera.

Apa ndiye panali polakwika panga. Ine ndinkangoti "anti, anti", poti kuno mkazi aliyense wa kwathu ndi anti. Malume ankayembekezera mayi wa zaka makumi asanu wa duku lalikulu. Amene ndinawalozera anali mtsikana wamtali, wa mpata m'mano, ataluka tsitsi latsopano, atakumbatira kachikwama pachifuwa. Malume anatsitsa kamera pang'onopang'ono.

"Ndi amenewo?"

"Eya."

"Sunandiuze."

"Chiyani?"

Malume anangokwera basi. M'basi anakhala mpando wa kumbuyo kwa anti, ndipo ulendo wonse sananene nthabwala ngakhale imodzi. Ine ndinkaganiza kuti akusunga kuseka.

Nyumbayo kukongola kwake sindingakane. Pakhomo anapachika nkhata yaikulu ya masamba a minga okhala ndi tizipatso tofiira. M'kati munkanunkhira malalanje ouma ndi phula la makandulo. Mtengo wa Khirisimasi unafika mpaka kudenga. Patebulo lalitali anayalapo mbale zasiliva ndi nkhuku yaikulu yonyezimira, ndipo anti wina wa ku Mzuzu anaigogoda ndi chala n'kunena kuti, "Pulasitiki! Anthu awa amalipiritsa kuonera chakudya chabodza." Wotitsogolera anali mayi wachizungu wokalamba, wovala diresi lakale lofufuma, wokoma mtima ndithu. Ankafotokoza za denga ndi zithunzi za anthu a makosi aatali, azimayi athu akungofunsana kuti zipinda zonsezi amakolopa ndani.

Tinayenera kuimba itakwana thuu koloko, titamaliza kuzungulira. Chipinda cha nkhalamba chinali chachinayi. Makatani anali otseka, kuwala kunali kwa timakandulo ndi moto wabodza uja basi. Mpando unatembenukira kumoto, moti pakhomo unkangoona wigi, phewa ndi dzanja limodzi lili pa bulangete. Munalinso azungu ena, mabanja a ana. Wotitsogolera anali pakona akuonetsa anthu wotchi. Ndinagwira anti pamkono.

"Ndi awo."

Anti anavula nsapato. Zimenezo sindinawauze ine, anaganiza okha. Anaolokera chingwe chofiira chija, nayenda chowerama, maso ali pansi monga analeredwera, nagwada pambali pa mpando. Anaomba m'manja katatu, kuomba kwa pansipansi kuja. Kenako anayamba, m'Chingerezi chawo chabwino cha kusukulu ya unesi, kunena kuti ndife alendo ochokera ku Malawi, tathokoza potilandira, Mulungu awonjezere masiku. Anatulutsa mtedza womangidwa pa kansalu, naupereka ndi manja awiri.

Nkhalamba sinalandire.

Anti anakweza mawu, poti ndinawauza kuti samva. Kwinakwake kunayamba kulira kaalamu kakang'ono, pi pi pi. Ine ndinali nditaluma kolala ya jekete, misozi ili chuchuchu. Apa anti anagwira dzanja lija kuti aikemo mtedza, ndipo ndinaona msana wawo ukuwongoka. Ulemu wonse unathera pomwepo, anatsala nesi. Anaika zala ziwiri pamkono, nadikira. Anaimirira, nagwira pakhosi.

"Mayo! Azizira! Sisita, sisita, bwerani, bambowa atisiya!"

Ankaitana amayi. Ndipo amayi, Mulungu andikhululukire, anathamanga masitepe awiri asanakumbukire kumene ali. Anti anakoka mkono kuti aigoneke pansi nkhalambayo ayambe kuipopa pachifuwa, dzanja lonse n'kuzuka, kutsala m'manja mwawo. Wigi inagwa. Mtedza unamwazika pa kapeti ya zaka mazana.

Sindinama, chiyambire kubadwa sindinaonepo chinthu chokoma chotero. Ana achizungu anagubuduka. Bambo wina anachita kutsamira khoma. Azimayi athu ena anabisa nkhope m'zitenje, mapewa akugwedezeka. Wotitsogolera anabwera chothamanga, diresi likukokota, nalanda dzanjalo mwaulemu, akunena kuti palibe vuto, limalowetsedwanso, lagwapo kale. Anti anaima pamenepo opanda nsapato, akuyang'ana chidole, kenako anthu, kenako ine. Milomo yawo inayamba kunjenjemera.

Ndinatembenuka kuti ndione ngati malume ajambula. Kamera inali m'thumba. Munthuyo anali ataoloka kale chingwe, akuvula jekete lake n'kuwafunditsa anti, kenako anagwada n'kuyamba kutola mtedza kamodzikamodzi.

Amayi anatitulutsira tonse atatu pa kakhonde ka kuseri, pamene amasungira maambulera. Sanakweze mawu, poti panali pa eni.

"Wawauza ndani?"

Anti anandiloza ndi mutu. "Koma asisi, mwina mwanayu nayenso ananamizidwa. Ine ndinalankhula ndi mzungu wa ku ofesi pa foni."

Ndinayang'ana malume. Nthawi yake inali imeneyi. Ndinawapatsa mpata, ndinachita kusuntha pang'ono kuti aime bwino patsogolo panga. Iwo anapukusa mutu mwachisoni, atanyamula mtedza m'manja.

"Ana a masiku ano. Ameneyo ndi mnzake wa kusukulu, achemwali. Amatumana."

Poyamba ndinaseka, ndinkayesa ndi chiyambi cha sewero lina.

"Aphunzitsi, nenani."

"Aphunzitsi ndani? Ndine malume ako, ulankhule bwino."

"Munalumbira! Munanyambita chala! Amayi, pa foni paja anali malume. Auzeni alankhule chizungu chawo chija mumve!"

"Ine?" Anaika dzanja pachifuwa, mtedza wina n'kugwa. "Mayi, pepani kwambiri. Mwanayu bambo ake ali kutali, timayesetsa. Ine ndikanadziwa, sindikanalola kuti mufike pa chingwe paja."

Anti anawayang'ana ndi maso onyowa. "Zikomo achimwene. Inu nokha ndi amene simunaseke."

Zoona, sanaseke. Umboni wanga wonse unagwera pamenepo. Ndikanati aone nambala pa foni, koma ndinaifufuta ndekha tsiku lomwelo, monga anandiphunzitsira iwo omwewo.

Amayi anayang'ana mlongo wawo, nayang'ana ine.

"Pepesa."

Ndinapepesa kwa anti, ndipo kumeneko kunali kupepesa kwenikweni pang'ono, chifukwa cha milomo ija. Kenako amayi anati, "Ukakhala pa benchi paja, usunge majekete a anthu."

"Amayi, nyimbo."

"Ndinati chimodzi."

"Miyezi itatu, amayi!"

"Ndinati chimodzi chokha."

Thuu koloko inandipeza pa benchi pafupi ndi chitseko cha holo, nditakwiriridwa ndi majekete achinyezi makumi awiri. Anthu anadzaza, ena ataima pa masitepe, atagwira makapu a tiyi ndi timapayi totsekemera. Kwaya inaima pansi pa mtengo uja. Anaimba za Chingerezi zitatu, anthu akuthandizira. Kenako kunagwa bata limene ndinkalidziwa, bata langa, limene ndinkaliwerengera m'bafa: kupuma kamodzi, kawiri, n'kuyamba. Pakamwa panga panatseguka pokha.

Anayamba ndi mayi wa mawu onjenjemera uja. Anayambira pamwamba kwambiri monga mwa masiku onse, moti pofika pakati azimayi ankachita kukuwa. Azungu anaomba m'manja kwa nthawi yaitali, poti sadziwa mmene imayenera kumvekera. Malume anali kutsogolo, kamera tsopano ili pa diso, ndipo sinkaloza kwaya yonse ayi, inkaloza mzere wachiwiri, munthu wachitatu kuchokera kumanzere.

Pobwerera, basi yoyamba inadzaza, ine ndi amayi tinakwera yachiwiri. Inali basi yosanjikizana, tinakhala pamwamba, kutsogolo. Mawindo anali ndi nthunzi, magetsi a Khirisimasi a m'misewu akungooneka ngati mabanga. Ndinali nditalumbira kuti sindilankhula mpaka chaka chatsopano, koma tisanafike m'tauni ndinalephera.

"Sindikunama, amayi. Anali malume."

"Ndikudziwa."

Ndinawayang'ana.

"Chizungu chake chija anayamba ali mu Sitandade sikisi, ankanamiza nacho agogo ako. Anti ako atangoti mzungu wa pa foni, ndinadziwa."

"Nanga bwanji simunanene?"

Amayi anapukuta windo ndi mkono wa jekete, nasuzumira kunja.

"Malume ako ali ndi zaka makumi atatu ndi ziwiri. Amadya tchipisi tsiku ndi tsiku. Agogo ako akaimba foni funso ndi lomwelo, akwatira liti. Lero kanali koyamba kumuona akutolera munthu chinthu pansi. Ndikanamuyalutsa pamaso pa mtsikana ameneuja?"

"Ndiye mwandigulitsa."

"Sunatero iwe? Anakugwira dzanja kukuuza kuti kanamize mlendo?"

"Munakandilola kuimba, n'kudzandilanga kunyumba."

"Anti ako ataima pomwepo, akulira? Akanati chiyani, kuti apampando mwana wawo salakwa?" Kenako mapewa awo anayamba kugwedezeka. Anabisa pakamwa ndi sikafu. "Koma dzanja lija, iwe. Dzanja lija!"

Anaseka mpaka kutsokomola, mpaka mnyamata wa kumbuyo anachotsa zomvera nyimbo m'makutu kuti aone. Ine sindinaseke nawo. Chinthu changa chomwe, chimene ndinalipira ndi nyimbo yanga, aliyense anali kudyapo, kupatula ine.

Malume anabwera kunyumba Lachitatu, amayi ali ku ntchito. Anabweretsa chokoleti chachikulu, cha mtengo. Ndinatsegula chitseko koma tcheni sindinachotse.

"Shasha, tamvera. Zinthu zina udzazimvetsa ukadzakula."

"Amayi kulibe, malume."

"Ndabwerera iwe. Chaka chamawa udzaimba, ndidzalankhula nawo achemwali."

"Ngati mmene munalankhulira tsiku lija?"

Anakanda m'mutu. Kenako anatsitsa mawu, ngakhale m'khonde munalibe munthu.

"Sunawauze kanthu anti ako, eti? Lamlungu ndikuwaperekeza kukaona msika wa Khirisimasi m'tauni. Chonde, mwana wa achemwali."

Ndinalandira chokoleticho kudzera pa mpata wa tcheni, chifukwa chokoleti sichinandilakwire. Ndinawauza kuti anti sindinawauze, ndipo sindikudziwa ngati ndidzawauze kapena liti. Mwina mawa, mwina pa chinkhoswe, akuluakulu a mbali zonse atakhala pansi. Anandifunsa ngati ndikunena zoona kapena ndikuseka. Ndinawafunira ulendo wabwino wa ku Smethwick, n'kutseka chitseko.